Kodi madzi ndi batire zitikwanira ku Mabuasehube?

FUNSO: Ndine Mmalawi wokhala ku Pretoria, ndili ndi mkazi ndi ana atatu. Tinagula kalavani yakale, ya mtundu wopirira misewu ya mchenga, ndipo mu July tikufuna kukakhala masiku asanu ku Mabuasehube, chigawo cha Botswana cha nkhalango ya Kgalagadi. Akuti kumeneko kulibe magetsi, madzinso ndi osadalirika. Kalavaniyo ili ndi thanki ya malita 80, batire imodzi ya 100Ah, filiji yaing'ono ndi sola ya 100W. Mayi a kunyumba akuti sizikwana, ine ndikuti tikasamala zikwana. Akulondola ndani?

Bambo wa ana atatu, Pretoria

YANKHO: Bambo, pa nkhani ya madzi amvereni mayi. Ku Mabuasehube munthu amapita ngati wopita kopanda mpopi, ngakhale ena akuuzeni kuti anawapeza madzi chaka chatha. Tiwerengere limodzi. Anthu asanu, aliyense malita 4 akumwa patsiku chifukwa mpweya wa ku Kalahari ndi wouma ngakhale nthawi yozizira, ndi malita 20. Kuphika, kutsuka mbale ndi kudzipukuta, ngakhale mutaumira chotani, ndi malita enanso 20. Pa masiku asanu ndi malita 200, ndipo thanki yanu idzauma pakutha pa tsiku lachiwiri.

Gulani zigubu zisanu ndi chimodzi za malita 20, muwonjezere china cha pangozi, poti galimoto ikatitimira mumchenga mutha kugona tsiku lomwe simunalikonzekere. Madzi akumwa akhale m'zigubuzo, asalowe m'thanki. Msewu wa kumeneko umagwedeza kalavani koopsa, ndipo paipi ikangomasuka pansi, madzi onse amathera mumchenga inu muli pa chiwongolero osadziwa. Kumbukiraninso kuti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Onani pa chikwangwani cha kalavani kulemera komwe imaloledwa kunyamula, zigubu zina mukweze m'galimoto, zotsalazo zikhale pansi pafupi ndi matayala, osati kumbuyo kwenikweni.

Madzi amathera kwambiri pa mpopi wotsegula. Pampu muzizimitsa mukamaliza kutunga. Mbale muyambe mwazipukuta ndi pepala musanazitsuke m'beseni, ndipo ana asambe ndi kansalu m'madzi a malita awiri, monga timachitira kumudzi chitsime chikaphwa mu October. Madzi otsukira musawataye pafupi ndi pogona. Misasa ya kumeneko ilibe mpanda, ndipo fungo la chakudya limaitana afisi. Mikango nayo imadutsa momwemo, choncho kukada mwana asatuluke yekha.

Pa magetsi muli ndi mwayi wopambana mkanganowu, koma pang'ono chabe. Ngati batire yanu ndi ya asidi, pa 100Ah mugwiritse ntchito theka lokha, chifukwa kuikhetsa kupitirira apo kumaipha msanga. Gulani kamita kowerenga ma volt. M'mawa ikamaonetsa pafupi ndi 12.2, mwafika pa thekalo. Chodya moto chachikulu ndi filiji, yomwe imatha kumeza 30Ah patsiku, pamene sola ya 100W pa dzuwa labwino imabweza pafupifupi yomweyo. Ndiye kuti mulibe chotsalira. Ngati mungathe, onjezerani sola yachiwiri yopinda ya chingwe chachitali, kuti kalavani ikhale pamthunzi sola ili padzuwa. Muiyang'anitse kumpoto, muziitembenuza kutsatira dzuwa, ndipo muzipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Nyama muiumitse mufiriza kunyumba musananyamuke, filijiyo ana asamaitsegule pafupipafupi.

Ketulo ya magetsi isiyeni ku Pretoria. Ya 2000W ikadutsa pa inverter imakoka ma amp oposa 160 pa batire ya 12V, ndipo tiyi mmodzi yekha angakuwonongereni gawo lalikulu la tsiku la dzuwa. Tiyi ndi nsima muphikire pa gasi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kuzizira. Mu July usiku wa ku Kgalagadi umafika pansi pa 0°C, ndipo ana akayamba kunjenjemera mudzalakalaka kulowetsa mbaula kapena kuyatsa sitovu ya gasi m'kalavani mutatseka mazenera. Chonde musayerekeze. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Tengani mabulangete okwanira, zipewa zaubweya ndi mabotolo a madzi otentha, madzi ake omwewo mudzatsukire mbale m'mawa.

Musananyamuke, gonani masiku awiri m'kalavaniyo pakhomo panu, osalumikiza chingwe cha magetsi a m'nyumba, osatunganso pa mpopi. Lembani malita omwe mwagwiritsa ntchito ndi zomwe mita ikuonetsa m'mawa, kenako muwerengere masiku asanu aja pamodzi ndi mayi.