Phunziro la Zaumoyo: Chithokomiro Chofooka mwa Mayi Woyembekezera

Sabata ino tikambirane za chiwalo chaching'ono chimene ambirife timachikumbukira pokhapokha chikatupa. Munthu aliyense ali ndi chithokomiro kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, ndipo chimaoneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni, makamaka ya thyroxine, amene amayendetsa kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugaya chakudya ngakhalenso kuganiza. Chikafooka, zonsezi zimayenda mwapang'onopang'ono ngati chigayo chimene dizilo akutha. Dziwaninso kuti chikhoza kufooka khosi osatupa konse.

Kwa mayi woyembekezera nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa chithokomiro chimodzi chikusamala anthu awiri. Cha mwana chimayamba kugwira ntchito cha m'sabata ya 12, koma chimakhwima mokwanira pakati pa sabata ya 18 ndi ya 20. Nthawi imeneyi isanakwane, ubongo wa mwana umakula ndi thyroxine wochokera kwa mayi ake, moti chithokomiro cha mayi chimayenera kuwonjezera ntchito yake ndi pafupifupi theka. Chikalephera kwambiri, mayi angapite padera, angabereke masiku osakwana, magazi angathamange, ndipo nzeru za mwana zingabwerere m'mbuyo.

Tsono vuto lagona apa. Miyezi itatu yoyambayi ndi yomwe ife timabisa. Ena amaopa malilime a anthu, ena amaopa kulodzedwa, ena amadikira kuti apongozi auzidwe kaye mwamwambo. Pamene mayi akukayamba sikelo mwezi wachisanu, nyengo imene mwana amadalira kwambiri chithokomiro cha mayi ake yapita kale. Bungwe la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi ayambe sikelo m'masabata 12 oyambirira. Kuuza namwino si kulengeza pamsika ayi, chinsinsi chanu amasunga.

Zizindikiro za nthendayi n'zonamiza. Kutopa, kudzimbidwa, kunenepa, kuiwalaiwala, kodi ndi mayi uti wapakati amene sadandaula zimenezi? Ena amamva kuzizira anzawo akutuluka thukuta, khungu limauma, tsitsi limathothoka, mawu amasasa. Chodziwira chenicheni ndi kuyeza magazi. Madokotala amayang'ana homoni yotchedwa TSH, imene imachokera ku kachiwalo kena kamene kali pansi pa ubongo. Kachiwaloka kali ngati kapitawo: wantchito akamachita ulesi, kapitawo amakweza mawu. Choncho TSH ikakwera, ndiye kuti chithokomiro chikutsalira.

Mwina mufunsa kuti, nanga bwanji osangoyeza mayi aliyense, monga amachitira ndi HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi? Akatswiri nawonso alimbana nalo funsoli. Mu 1999, ofufuza a ku Maine m'dziko la America anayeza nzeru za ana a zaka 7 mpaka 9. Ana a amayi 48 amene anali ndi chithokomiro chofooka koma sanalandire mankhwala ali oyembekezera anatsalira ndi mapointi 7 poyerekeza ndi anzawo. Ambiri anati basi, tiyeze onse. Koma mu 2012 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi madokotala a ku Cardiff, wokhudza amayi oposa 21,000 a ku Britain ndi ku Italy. Ana atafika zaka 3, panalibe kusiyana nzeru pakati pa ana a amayi amene anapatsidwa mankhwala ndi a amene sanapatsidwe. Zifukwa zimene ena amapereka n'zakuti ambiri mwa amayiwo vuto lawo linali lochepa, komanso mankhwala anayamba cha m'sabata ya 13, mwina mochedwa kale. Chimene onse amagwirizana n'chakuti chithokomiro chofooka kwenikweni chiyenera kuthandizidwa, ndiponso msanga.

Pachifukwa chimenechi, njira imene madokotala ambiri amatsata ndi kuyeza amayi amene ali pachiopsezo. Mayi amene khosi lake n'lotupa, kapena anadwalapo chithokomiro, kapena anachitidwapo opaleshoni ya chithokomiro, ayenera kuyezedwa akangozindikira kuti waima. Chimodzimodzi amene kubanja kwawo kuli nthendayi, amene ali ndi shuga woyamba ali mwana uja wofuna kubaya jakisoni wa insulin, amene anapitapo padera kapena kubereka masiku osakwana, ndi amene anavutika nthawi yaitali kuti aime. Zimenezi namwino sangazilote. Zineneni nokha tsiku loyamba la sikelo. Chipatala chaching'ono sichingakhale ndi makina oyezera TSH, koma chikhoza kukutumizani ku chachikulu. Abambo, ndalama yoyendera ulendo umenewu ndi udindo wanu, ndipo kuperekeza mayi si chamanyazi.

Chimafooketsa chithokomiro n'chiyani? Kwina ndi chitetezo cha thupi chimene chimatembenukira chithokomiro chomwe, nthenda imene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anaifotokoza mu 1912. Koma chifukwa chofala padziko lonse ndi kuchepa kwa ayodini m'zakudya, pakuti popanda ayodini thyroxine sapangika. Munthu wamkulu amafunika ma microgram 150 patsiku, mayi woyembekezera 250. N'chifukwa chake mchere wogulitsa umathiridwa ayodini. Gulani wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, ndipo muusunge m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi. Sitikunena kuti muchulutse mchere m'ndiwo, maka inu a BP. Kwa anzathu okonda kondowole: chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chili ndi poizoni amene amatsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro, ndiye musafulumire kuchivuula.

Mankhwala ake ndi kapiritsi kakang'ono ka levothyroxine, kamene kamangobwezera homoni yosowayo ndipo sikavulaza mwana. Kamamwedwa m'mawa ndi madzi, m'mimba mulibe kanthu, n'kudikira theka la ola kapena ola lathunthu musanadye phala. Amene ankamwa kale asasiye akaima. M'malo mwake apite kwa dokotala sabata yomweyo, chifukwa nthawi zambiri mlingo umayenera kukwezedwa, ndipo magazi amayezedwanso pafupifupi milungu inayi iliyonse mpaka pakati pafike miyezi isanu. Chenjezo lina n'lakuti mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira ku sikelo amalepheretsa levothyroxine kulowa bwino m'thupi. Musamwere limodzi. Papite maola anayi: levothyroxine m'mawa, owonjezera magazi masana kapena madzulo.