Kaunikidwe ka Buku: Dokotala Wamkazi ndi Imfa za Ana a ku Cambridge

Ophunzira inu, lero tiphunzira kuunika buku. Wounika sabwereza nthano yonse. Amanena zomwe bukulo likukamba, pamene wolemba wachita bwino, ndi pamene wapunthwa. Chitsanzo chathu ndi buku la Ariana Franklin lotchedwa Mistress of the Art of Death, lomwe linatuluka mu 2007.

Yambani ndi malo komanso nthawi. Nkhaniyi ikuchitika mu 1171 ku Cambridge, m'dziko la England. Ana anayi aphedwa, anthu akuloza chala Ayuda, ndipo Ayudawo athawira mu linga. Mfumu Henry II yada nkhawa chifukwa msonkho wa Ayuda wasiya kulowa, choncho yapempha katswiri kwa mfumu ya Sicily. Amene wabwera ndi Adelia, dokotala wopima mitembo wochokera ku Salerno, mzinda wa ku Italy umene unatchuka ndi maphunziro a zamankhwala. Poopa kutchedwa mfiti, iye amanamizira kuti dokotala ndi Mansur, wantchito wake wachiarabu.

Kenako sankhani chochitika chimodzi chosonyeza luso la wolemba. Ali pa ulendo, Adelia akupeza mkulu wa ansembe, Geoffrey, akubuula chifukwa mkodzo watsekeka. Akutenga bango lopyapyala, longa lomera m'mbali mwa nyanja yathu kuno ku Salima, n'kulilowetsa m'njira ya mkodzo mpaka wodwalayo apeza mpumulo. Wolemba sanatiuze kuti mayiyu ndi wanzeru, tadzionera tokha.

Musaope kudzudzula, koma dzudzulani ndi umboni. Ku Salerno kunalidi akazi ochiritsa, monga Trota wa m'zaka za m'ma 1100. Koma kupima mtembo pofufuza mlandu kumayamba kupezeka m'zolembedwa za ku Italy cha m'ma 1300, monga ku Bologna mu 1302. Ndiye kuti Adelia wafika msanga, ndipo maganizo ake amamveka a munthu wamakono. Wounika alembe zimenezo mosabisa.

Funsaninso kuti bukuli likutikhudza bwanji. Kuno ku Salima, msodzi akamira ku Senga Bay kapena mwana akafa mwadzidzidzi, mphekesera zimathamangira kwa gogo wina wosauka. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma anthu okalamba akuvutitsidwabe m'dziko muno. Adelia amayamba wayang'ana mabala, dothi ndi zovala asanatchule dzina la munthu. Mphamvu ya bukuli yagona pamenepo.

Pomaliza, musaulule wakupha. Mukatero mwamulanda wowerenga chifukwa chowerengera.

Ntchito yanu: sankhani buku limodzi lomwe munawerenga, muliunike pa tsamba limodzi potsatira mfundozi. Ndizilandira Lolemba m'mawa.