Tsamba Limodzi la Fodya: Phunziro pa Malire a Nzeru Zathu

Inu aphunzitsi a katekisimu, phunziro lathu la lero liyambira m'chigafa.

Nyengo yosankha fodya ikafika ku Wimbe, mlimi amatola masamba limodzilimodzi. Ayang'ana maonekedwe ake, kutalika kwake ndi malo pamene tsambalo lidamera pa tsinde, naliika pa mulu woyenera. Masamba ochuluka alowa m'belo limodzi, ndipo ku msika wa Chinkhoma belo lonselo lilandira mtengo umodzi. Komatu palibe masamba awiri ofanana kotheratu: ili lidabooledwa ndi mbozi, ilo lidapsa ndi dzuwa. Nanga dzina limodzi lakuti "fodya" liloza chiyani? Kodi chilipodi chinthu chimene masamba onsewo ali nacho, kapena ndi liwu chabe?

Funsoli lidasautsa anthu anzeru kuyambira makedzana. Plato wa ku Athens adaphunzitsa kuti chikhalidwe chenicheni cha mtundu uliwonse chili pachokha, chosaoneka ndi maso, ndipo zimene tiona ife ndi zithunzithunzi zake. Wophunzira wake Aristotle adakana, nati chikhalidwecho chipezeka m'zinthu momwemo. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adatsata Aristotle: maso aona masamba ambiri, nzeru nizisiya zosiyanazo, nizitola chofananacho. William wa ku Ockham, amene adadza pambuyo pake, adati kunja kuno kuli zinthu chimodzichimodzi basi, ndipo mtundu ndi chizindikiro cha m'maganizo mwathu. John Duns Scotus, amene adamwalira ku Cologne mu 1308, adafunsa za mbali inayo: nchiyani chichititsa tsamba ili kukhala ili lomwe, osati linzake? Iye adayankha kuti m'cholengedwa chilichonse muli kanthu kakekake kamene sikagawana ndi china.

Tisapeputse maina a mitundu, pakuti popanda iwo sitingaphunzire kanthu. Taonani za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala konkuno ku Wimbe. Njala ya 2001 ndi 2002 itamchotsa pa sukulu, adapeza buku lotchedwa Using Energy m'nyumba yobwereketsa mabuku. Mphepo ya ku Kasungu bukulo silidaidziwe, koma lidafotokoza m'mene mphepo iliyonse ingazungulitsire makina. Mnyamatayo adatenga njinga ya bambo wake, fani ya thirakitala, mapaipi ndi mitengo ya bulugama, namanga makina amene adayatsa magetsi pakhomo pao mu 2002. Chifukwa mphepo ndi mphepo kulikonse, nzeru yolembedwa kutali idagwira ntchito pano.

Koma nkhani yomweyo itichenjezanso. Ena pomuona alikutola zitsulo zotayidwa adati ngwamisala. Adamuika pa mulu, naleka kumyang'ana. Apa ndiye pali malire athu. Aquinas adaphunzitsa kuti nzeru za munthu zigwira msanga zimene zinthu zifanana, koma chinthu chimodzi pachokha tichifikira kudzera m'maso ndi m'makutu. Adatinso anthu anzeru sadathe kufufuza mpaka kumapeto chikhalidwe cha ntchentche imodzi yokha. Mwini wakeyo adaleka kulemba mu Disembala 1273, nasiya buku lake lalikulu, Summa Theologiae, lisanathe. Ngati ntchentche itiposa, nanji munthu? Makolo athu adaneneratu kuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina.

Tsono inu aphunzitsi, kumbukirani ichi. Katekisimu aphunzitsa za munthu aliyense, ndipo zimene anena nzoona. Koma amene akhala pamaso panu Lamulungu ndi mai uyu, mnyamata uyo, aliyense ndi mbiri yake. Mukamva kuti "uja ndi chidakwa", "uja ngwaganyu chabe", "awo ngakum'mwera", dziwani kuti mwamva dzina la mulu, munthuyo simunamdziwe. Musanamchotse m'kaundula wa ofuna ubatizo, kapena musanakamneneze kwa bambo mfumu, pitani kwao, mukhale pansi, mufunse, mumvetsere. Belo likalakwika, mlimi ataya ndalama za chaka chimodzi. Munthu akaweruzidwa molakwa, angathe kuchoka mu Eklezia osabwereranso.

Mlungu uno sankhani munthu mmodzi amene mwakhala mukumtchula ndi dzina la mulu, ndipo mukamchezere.