Mano Ofiira mwa Ana: Kodi Vuto ndi Kusatsuka?

Kwathu ku Bembeke, mwana akakhala ndi mano osayera timangoti "mano ake ndi owola", apo ayi "satsuka m'kamwa". Mawu awiriwa timawanena pa dzino lililonse losintha mtundu, kaya lachikasu, lofiira kapena lakuda. Monga wophunzira za chiyankhulo, ndaona kuti zinthu zingapo zikakhala ndi dzina limodzi, anthu amazifunira mankhwala amodzinso. Cholinga cha chimangirizo chino ndi kusonyeza kuti mtundu wina umakhala pamwamba pa dzino pamene wina umakhala m'kati mwake, ndipo chithandizo chake n'chosiyana.

Msuweni wanga wina anabadwira ku Nathenje, pamsewu wa M1 tikamapita ku Lilongwe, ndipo anabwera kudzakhala nafe ali sitandade 4. Mano ake akutsogolo anali ndi mizere yoyera ngati choko ndi madontho ofiirira ngati dzimbiri. Anzake ankamunena kuti amatafuna fodya. Agogo anaona ngati mayi ake anamulekerera, choncho m'mawa uliwonse, m'chisanu cha ku Bembeke chija, ankamukhazika pakhonde n'kumati, "Yasamula iwe!" Lero amukwecha ndi phulusa, mawa ndi makala osinja. Nkhama zinkatuluka magazi koma mtundu sunasinthe. Chomwe chinasintha ndi mwanayo: anayamba kuseka atagwira pakamwa, ndipo m'kalasi sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa.

Agogo sanalakwitse kotheratu. Ulipodi mtundu wobwera chifukwa cha litsiro la zakudya lokanirira pamano, tiyi, kapena mankhwala amadzi oonjezera magazi omwe amadetsa mano a ana. Umenewu umachoka ndi mswachi, ukakanika amauchotsa kuchipatala. Kuwola nakonso kulipo, makamaka kwa ana okonda maswiti ndi zakumwa za shuga, ndipo kumayamba ngati kadontho koyera pafupi ndi nkhama, kenako kamada n'kusanduka bowo. Koma la msuweni wanga silinali litsiro, ndipo bowo panalibe.

Tsiku lomwe anamutengera kuchipatala ku Dedza boma, wazamano atangomuona anafunsa kuti, "Mayi, mwanayu wakulira kuti?" Funso lachiwiri linali la komwe ankatunga madzi akumwa.

M'miyala ina ya pansi pa nthaka muli mchere wotchedwa fluoride, womwe umasungunukira m'madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, n'chifukwa chake amauika m'mankhwala otsukira mano. Ukachuluka umasokoneza kapangidwe ka chikuto cholimba cha dzino pamene dzinolo likadali m'nkhama. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 a fluoride pa lita imodzi. Kafukufuku yemwe anafalitsidwa mu 2007 anapeza kuti mijigo yambiri ya ku Nathenje inkapitirira mlingowu, ndipo ana ambiri a sukulu kumeneko anali ndi mano amawangamawanga. Madzi otere apezekanso m'madera ena a ku Machinga, Chikwawa, Nsanje ndi Karonga.

Vutoli si la kuno kokha. Dokotala wa mano Frederick McKay atafika ku Colorado Springs m'dziko la America mu 1901, anadabwa kuona anthu ambiri ali ndi mano ofiira koma osawola. Panapita zaka 30 kuti zidziwike, mu 1931, kuti gwero lake linali fluoride wa m'madzi. Ngati akatswiri zinawatengera nthawi yotere, sindingawadzudzule agogo.

Mfundo yofunika apa ndi ya msinkhu. Mano omwe amamera aubwana akagweluka amayamba kuumbika mwana akangobadwa, ndipo chikuto cha ambiri mwa iwo chimakhala chitatha kupangika pofika zaka 8. Kuonongeka kumachitika m'zaka zimenezi, koma kumadzaonekera dzino likamera, kuyambira zaka 6 kupita m'tsogolo. Choncho msuweni wanga anabwera ku Bembeke mawangawo atalowa kale. Munthu wamkulu wosamukira ku Nathenje lero mano ake sangasinthe chotero.

Palinso zina zolowetsa mtundu m'kati mwa dzino. Makapisozi a tetracycline amasiya mtundu wachikasu kapena wotuwa, ndiye sapatsidwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 8. Apa kholo logula mankhwala pamsika popanda malangizo a dokotala lichenjere. Mwana akagwa n'kumenyetsa dzino, limatha kuda lokhalo patapita masabata angapo chifukwa mtsempha wake wavulala. Komanso mano atsopano mwachibadwa amaoneka achikasu poyerekeza ndi aubwana, ndipo amenewa si matenda.

Nanga chithandizo? Mtundu wa m'kati suchoka ndi kukwecha. Phulusa, mchenga ndi makala zimangoperesa chikuto, ndipo popeza pansi pake pali mbali yachikasu ya dzino, mano amafiirirako n'kuyamba kuchita dzanzi. Dokotala wa mano angathe kupala pang'ono pamwamba pa mawanga osazama, kuwayeretsa ndi mankhwala, kapena kuwamata ndi phala lofanana mtundu ndi dzino. Zina mwa izi amadikira kuti mwana asinkhuke, ndipo sizipezeka paliponse. Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Maphunziro a digiri yawo anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences.

Kupewa ndiye kuli m'manja mwa makolo, ngakhale si konse. Mwana wosakwana zaka 3 amuikire mankhwala otsukira mano ochepa ngati kanjere ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi, ndipo aphunzitsidwe kulavula. Pa madzi m'pamene ambiri timasokonezeka, poganiza kuti madzi owiritsa kapena othira kolorini ndi abwino pa chilichonse. Njirazi zimapha tizilombo, koma fluoride amatsala, ndipo madzi akawira nthawi yaitali amachulukirako chifukwa chotuluka ndi nthunzi yokha. Chofunika ndi kuyezetsa madzi a pamjigo ndi kupatsa ana aang'ono madzi ochokera kwina ngati mlingo wakwera. Ku Nakuru m'dziko la Kenya amasefa madzi ndi makala a mafupa a ng'ombe, omwe amagwira fluoride.

Msuweni wanga anamuuza kuti mano ake ndi olimba, asiye kuwakwecha. Agogo atamva zonsezi anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa zaka za mng'ono wake yemwe anatsala ku Nathenje. Anali ndi zaka 3. Mvula itayamba, anatumiza uthenga kwa azakhali kuti aike mbiya pansi pa denga la malata, madziwo aziwiritsa, azimwa mwanayo.