Khansa ya kapamba ikafika kuchiwindi: mankhwala kaye, opaleshoni pambuyo

N'chifukwa chiyani khansayi imathamangira kuchiwindi?

Magazi ochoka m'kapamba, chiwalo chotulutsa insulini chomwe chili kuseri kwa chifu, amayamba adutsa m'chiwindi asanafike kumtima. Maselo a khansa amatsata njira yomweyo. Pafupifupi theka la odwala amapezeka nayo itafalikira kale.

Bwanji osangochotsa chotupacho?

Achibale ambiri amafunsa zimenezi, ndipo m'pomveka. Koma opaleshoni ya Whipple si yamasewera. Madokotala amachotsa mutu wa kapamba, ndulu ndi chigawo choyamba cha matumbo aang'ono. Wodwala amatha milungu yambiri akuchira, osalandira mankhwala, pamene timaselo tosaoneka pa sikani tikuchulukana m'chiwindi. N'chifukwa chake pa siteji 4, khansa ikafalikira, chithandizo chovomerezeka ndi chemotherapy.

Mankhwalawo amathandiza motani?

Mu 2011, kafukufuku wa ku France wotsogoleredwa ndi Thierry Conroy, pa odwala 342, anayesa FOLFIRINOX, msakanizo wa mankhwala anayi. Theka la omwe anaulandira anakhala moyo kuposa miyezi 11.1, pomwe kwa olandira gemcitabine yekha inali miyezi 6.8. Mtengo wake pathupi ndi wowawa: kutsegula m'mimba, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuchepa kwa maselo oyera a magazi. Wofooka kwambiri sangaupirire.

Nanga opaleshoni imabwera pati?

Miyezi ya mankhwala imaulula khalidwe la khansayo. Ina imakulabe ngakhale ikuthiridwa mankhwala, ndipo mwini wake wapulumuka ku mpeni womwe sukanamuthandiza. Kwa ena ochepa, timadontho ta m'chiwindi timafota kapena kuzimiririka, CA 19-9, chizindikiro cha khansayi m'magazi, imatsika kwambiri, thupi lili ndi mphamvu. Amenewa ndi amene madokotala amawaganizira zowachita opaleshoni.

Kuchepa kwawo kuyenera kunenedwa mosabisa. Ku Verona, ku Italy, lipoti la 2017 linaonetsa kuti mwa odwala 535 a khansa yofalikira, 24 okha ndiwo anafika pochitidwa opaleshoni.

Ndiye kuti opaleshoniyo imatalikitsa moyo?

Ena mwa osankhidwawa akhala zaka zingapo, zomwe kale sizinkamveka pa matendawa. Komabe anasankhidwa chifukwa mankhwala anali atawayanja kale, choncho n'kovuta kusiyanitsa ntchito ya mpeni ndi ya mankhwala. Ku Germany, kafukufuku wa METAPANC anakonzedwa kuti ayerekeze magulu awiri: opitiriza chemotherapy yokha ndi ochitidwanso opaleshoni. Wodwala amene wauzidwa za opaleshoni yotereyi ali ndi ufulu wofunsa ngati ikuchitika mkati mwa kafukufuku, komanso kuti chipatalacho chimachita ma Whipple angati pachaka.