ZITUNDA NDI ZIGWA ZA DZIKO LATHU: PHUNZIRO LA KUKWEZEKA KWA ZIGAWO ZA ZAMBIA

Munthu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata pa mseu waukuru wa kum'mawa amayamba ulendo wace atabvala jekete, koma pofika pa mlatho wa Luangwa amaibvula, thukuta liri kamukamu, makutu atatsekeka ngati walowa m'madzi. Atadutsa Nyimba ndi Petauke kamphepo kabweranso. Dzuwa ndi lomwelo, tsiku ndi lomwelo, dziko ndi lomwelo. Nanga casintha nciani? Casintha ndico kukwezeka kwa nthaka imene iye alikuyendapo. Anthu ambiri ayesa kuti nkhani iyi ndi ya ana a sukulu okha, koma iai, pakuti mbeu imene mubzala, ng'ombe imene mugula, ndi malo amene mumangapo nyumba, zonsezi zimvera lamulo la citunda ndi cigwa. Cifukwa cace tiyeni tiphunzire pamodzi, awerengi okondedwa.

1. MUYESO UYAMBIRA PATI?

Poyesa msinkhu wa mwana timayamba pansi pamene waponda. Koma poyesa dziko sitingatero, pakuti pansi pa phiri lina pakhoza kukhala pokwezeka koposa nsonga ya phiri linzace. Tsono anthu a maiko onse anapangana kuti ayambire pamwamba pa madzi a nyanja ya mcere, popeza madziwo agona cimodzimodzi kuzungulira dziko lonse. Tikanena kuti Lusaka ali pa mamita ngati 1,280, ndiye kuti nyanja ya mcere ikadafika kunsi kwa mzindawo, mukadakumba citsime ca mamita 1,280 kuti muipeze. Akuru amene anazolowera kuyesa ndi mapazi akumbukire kuti mita imodzi ndiyo mapazi atatu ndi pang'ono.

Zambia alibe gombe la nyanja ya mcere. Kale oyesa dziko anatenga muyesowo pang'ono pang'ono, kucokera pa citunda cina kufika pa cinzace, nasiya zizindikiro za simenti pa nsonga za mapiri. Masiku ano makina oyendayenda m'mlengalenga athandiza pa nchitoyi, ndipo ngakhale foni ya m'manja ikhoza kukuuzani pafupifupi kukwezeka kwa mudzi wanu.

2. NJIRA ZITATU ZOLINGANIZIRA ZIGAWO

Dziko lathu liri ndi zigawo khumi. Ca khumi, ndico Muchinga, cinakhazikitsidwa m'caka ca 2011. Munthu akafunsa kuti, Kodi cigawo cokwezeka koposa nciti? tiyenera kumfunsanso kuti, Ulikuyesa ciani? Pakuti njira ziripo zitatu.

Yoyamba ndiyo kuyang'ana malo okwezeka koposa m'cigawo ciri conse. Pa njira iyi Muchinga apambana, cifukwa mapiri a Mafinga, a m'malire ndi Malawi, apitirira mamita 2,300, ndipo palibe malo ena m'Zambia ofika pamenepo.

Yaciwiri ndiyo kuyang'ana malo otsika koposa. Pa njira iyi cigawo ca Lusaka ndico ca pansi, pakuti pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi, pa boma la Luangwa limene kale linachedwa Feira, pali mamita 329 okha. Taonani cinthu codabwitsa: mtsinje wa Luangwa uyambira ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi nsonga ya dziko lathu, nuyenda makilomita oposa 700, nuthera pa malo otsika koposa. Kucokera pa nsonga ya Mafinga kufika ku Feira munthu atsika mamita ngati 2,000.

Yacitatu ndiyo kuyang'ana pamene anthu ambiri akhalapo. Apa zigawo zonse zifanana kwambiri, pakuti mizinda khumi imene iri malikuru a zigawo yonse iri pakati pa mamita 1,000 ndi 1,400. Kasama ali cakumwamba kwa muyesowo, Mongu ndi Chipata ali cakunsi. Zitero cifukwa mbali yaikuru ya Zambia ndi citunda cimodzi cotambalala, conga thandala lalikuru, ndipo zigwa ziri ngati ming'alu m'thandalalo. Wolinganiza zigawo ndi mizinda yace yokha anyengeka, pakuti saona ming'aluyo.

3. TIYENDE M'ZIGAWO

Cigawo ca Kumpoto. Mbala ali pa mamita oposa 1,600, ndiye mmodzi wa mizinda yozizira koposa. Koma makilomita ngati 40 okha kucokera pamenepo kuli doko la Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, imene madzi ace ali pa mamita 773. Nyanjayo ndi yakuya mamita 1,470 pa malo ace akuya koposa, kotero kuti pansi pace papitirira kutsika kunsi kwa muyeso wa nyanja ya mcere. Pa malire ndi Tanzania madzi a Kalambo agwa mamita oposa 200 pa thithi limodzi.

Muchinga. Kuwonjeza pa Mafinga, cigawoci ciri ndi citunda ca Mpika ndi Chinsali, ndiponso phompho lalikuru la Muchinga lotsikira ku cigwa ca Luangwa. Mwa zigawo zonse ici ndico ca makwero ndi matsikiro akuru.

Luapula. Nyanja ya Bangweulu iri pa mamita ngati 1,140, ndi ya Mweru pa mamita oposa 900 pang'ono. Madzi a mtsinje wa Chambeshi alowa m'madambo a Bangweulu, naturukamo ndi dzina la Luapula, natsikira ku Mweru, napita ku Congo kufikira nyanja ya Atlantic.

Copperbelt ndi ca Kumpoto Cakumadzulo. Zigawo izi ziri pa msana wolekanitsa madzi a Congo ndi a Zambezi. Ndola ali pa mamita ngati 1,300. Gwero la Zambezi liri kufupi ndi Kalene Hill, m'boma la Ikelenge, pa mamita ngati 1,500, ndipo kucokera pa kasupe wamng'ono uja mtsinjewo uyenda makilomita oposa 2,500 kufika ku nyanja ya India.

Ca Kumadzulo. Ici ndico cosalala koposa. Cidikha ca Barotse ciri pa mamita ngati 1,000, ndipo popeza nthaka yace njosapendeka, madzi a Zambezi akadzala sapeza pothamangira, koma afalikira m'cidikha monse. Ndico cifukwa cace Litunga, mfumu ya Alozi, asamuka ku Lealui kunka ku citunda ca Limulunga pa mwambo wa Kuomboka.

Ca Pakati ndi ca Lusaka. Kabwe ali pa mamita ngati 1,200, pakati pa minda yaikuru ya cimanga. Boma linasamutsa likuru la dziko kucokera ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, cifukwa Lusaka ali pakati pa dziko ndiponso pa citunda copita mphepo. Koma cigawo comweco citsikira ku Feira, monga tanena.

Ca Kumwera. Choma ali pa citunda ca mamita ngati 1,300, dziko la ng'ombe. Livingstone ali kunsi pang'ono kwa mamita 1,000, ndipo pamenepo Zambezi agwa mamita 108 pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Kunsi kwace kuli cigwa ca Gwembe ndi nyanja ya Kariba, pa mamita osafika 500.

Ca Kum'mawa. Midzi ya Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi iri pa citunda ca mamita 1,000 kapena kupitirira pang'ono. Koma ku Malambo, dziko la Akunda, Mfuwe ali pa mamita ngati 550. Motero abale a cigawo cimodzi, olankhula momvana, akhala ngati m'maiko awiri.

Tisadzitame ndi mapiri athu, pakuti anansi atiposa. Sapitwa, nsonga ya Mulanje ku Malawi, ali ndi mamita 3,002, ndi Kilimanjaro wa ku Tanzania mamita 5,895.

4. CIFUKWA NINJI KUMTUNDA KUZIZIRA?

Mwana wanzeru akhoza kufunsa kuti, Wokwera phiri ayandikira dzuwa, nanga bwanji amva kuzizira? Yankho ndi ili: dzuwa liri kutali kotero kuti msinkhu wa phiri suli kanthu. Dzuwa litenthetsa nthaka, ndipo nthaka ndiyo itenthetsa mpweya. Kucigwa mpweya ngwopanikizika, pakuti wasenza mpweya wonse wa pamwamba pace. Ukakwera upeza malo, nufutukuka, nuzirala. Ophunzira apeza kuti pa mamita 1,000 ali onse amene munthu akwera, kutentha kucepa ndi madigiri ngati 6. Cotero Mbala azizira koposa Mpulungu ndi madigiri ngati 6, ndi Lusaka koposa Feira cimodzimodzi. M'mwezi wa October zigwa za Luangwa ndi Zambezi zipitirira madigiri 40 masiku ambiri.

Amai a kumtunda adziwenso ici: pamene mpweya uli wopepuka, madzi awira asanatenthe kwambiri. Ku gombe la nyanja ya mcere awira pa madigiri 100, koma ku Lusaka pa madigiri ngati 96. Nyemba zikacedwa kupsa, mlandu suli wa nkhuni zokha.

Koma pali cinthu cimodzi cooneka ngati cotsutsa lamuloli. M'miyezi ya June ndi July cisanu ciocha ndiwo za m'dimba la m'dambo, pamene za pa mtunda zitsala bwino. Usiku wopanda mitambo mpweya wa pa nthaka uzirala, nulemera, nutsetserekera pa malo otsika monga acita madzi, nugona m'dambo kufikira m'mawa. Mlimi wa tomato akumbukire cimeneci posankha malo.

5. MVULA, MBEU NDI ZIWETO

Akatswiri a malimidwe agawa dziko lathu patatu. Zigwa za Luangwa ndi Zambezi, pamodzi ndi mbali ya kumwera cakumadzulo, zilandira mvula yosafika mamilimita 800 pa caka. Citunda ca pakati ndi ca kum'mawa cilandira 800 kufikira 1,000. Zigawo za kumpoto zilandira yoposa 1,000. Sikukwezeka kokha kumene kucititsa izi, pakuti kumpoto kuli kufupi ndi mphepo za mvula zocokera ku Congo. Komabe mpweya wotsikira m'cigwa utentha nuuma, ndipo kutenthako kuumitsa nthaka msanga.

Mitengo icitira umboni. Mukaona miombo ndi misuku muli kumtunda. Mukaona milambe ndi mitsanya mwatsikira kucigwa. Makolo athu anawerenga zizindikiro izi, nabzala mapira ndi mcewere m'zigwa, pakuti mbeuzi zipirira cilala. Masiku ano mabanja ambiri a kumtunda, posowa minda, asamukira ku malo otsika atanyamula mbeu ya cimanga cocedwa kuca imene inawadyetsa kwao. Mvula ikaleka m'February, cimanga cifota cisanabereke, ndipo njala ilowa m'nyumba. Wosamukira kucigwa afunse alangizi a malimidwe mbeu yoca msanga, ndipo asanyoze mapira a eni dziko.

Asamalenso za ziweto. M'nkhalango zotentha za cigwa ca Luangwa muli kashembe, nchenche imene ipatsa ng'ombe nthenda yoondetsa ndi kupha, ndi anthu nthenda ya tulo. Udzudzu nawonso uswana msanga potentha. Malungo alipo m'zigawo zonse, makamaka ku malo a madambo ndi mvula yambiri, cotero pasakhale munthu wonena kuti, Kwathu nkumtunda, sitifuna ukonde woteteza udzudzu. Ndipo womanga nyumba pa cidikha ayambe wafunsa akuru a pamalopo pamene madzi anafika m'zaka za cigumula.

6. MPHAMVU YA MADZI OTSIKA

Zigwa zotenthazo tisaziyese zacabe. Madzi otsika kucokera pa citunda ali ndi mphamvu, ndipo magetsi ambiri a dziko lathu acokera pamenepo. Damu la Kariba linatha kumangidwa m'caka ca 1959, ndipo mtengo wace unali wowawa, pakuti Atonga ngati 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anacotsedwa pa minda ndi manda a makolo ao. Mtsinje wa Kafue, utayenda mwaulesi m'cidikha cace, utsika mamita oposa 500 m'phompho lopita ku Zambezi, ndipo m'menemo muli makina akuru a magetsi. Pa cilala ca caka ca 2024 madzi anacepa m'Kariba, mizinda ya kumtunda nikhala mumdima maora ambiri, ndi zigayo zinaima. Pamenepo tinaona poyera kuti wa kumtunda ndi wa kucigwa adya m'mbale imodzi: madzi agwa pa citunda, koma mphamvu yace ipezeka m'cigwa.

Cifukwa cace munthu wa ku Katete asapeputse mnzace wa ku Malambo pomuona alikubzala mapira, ndi wa kucigwa asayese kuti wa kumtunda ngwaulesi pomuona alikuotha moto m'July. Yense alikumvera lamulo la malo ace. Wanzeru ndiye amene adziwa pamene waponda, nalima monga pafunira nthakayo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi muyeso wa kukwezeka kwa dziko uyambira pati, ndipo cifukwa ninji?
2. Chulani malo okwezeka koposa ndi otsika koposa m'Zambia, ndi mtsinje umene uwalumikiza.
3. Mudzi wina uli pa mamita 1,500, wina pa mamita 500. Kodi kutentha kwace kusiyana ndi madigiri angati?
4. Bwanji cisanu ciononga dimba la m'dambo ndi kusiya la pa mtunda?
5. Yang'anani mitengo yozungulira mudzi wanu. Kodi ikuuzani kuti muli kumtunda kapena kucigwa? Nanga mbeu zimene mubzala zigwirizana ndi yankho lanu?