Zombo Zonyamula Mafuta a Zombo za Nkhondo

Asilikali akamuka kunkhondo, pambuyo pao patsata amtengatenga osenza ufa ndi nyemba. Pobwera, anthu aimbira nyimbo asilikali, ndipo palibe wochula dzina la wosenza ufa; koma ufa ukatha panjira, mfuti sizithandiza kanthu. Pa nyanja zazikuru za madzi amcere ciri comweco. Combo ca nkhondo ciri nayo njala yace, ndipo cakudya cace ndico mafuta. Ziripo zombo zina, zazitali ndi zonenepa, zosakongola poziona, zimene nchito yace ndiyo kutsata zombo za nkhondo ndi kuzimwetsa mafuta pakati pa nyanja. Lero tiphunzira za izo.

Kale zombo zinayenda ndi matanga, ndipo mphepo sagula. Koma pamene anthu anapanga makina oyenda ndi nthunzi, combo cinayamba kufuna moto usana ndi usiku. Makolo anu anaona sitima za pa Nyanja yathu, monga Ilala yoyamba ija imene inafika m'caka ca 1875, zirikuima pa madooko kulonga nkhuni. Zombo za pa nyanja zamcere zinatentha malasha. Cifukwa cace Angerezi anaunjika malasha ku Gibraltar, ku Malta, ku Aden ndi ku Simon's Town, kuti zombo zao zipeze cakudya panjira. Kulonga malashawo kunali nchito yowawa. Amalinyero anasenza matumba tsiku lonse kufikira anada bii ndi pfumbi, ndipo nchitoyo inafuna madzi abata. Pa mafunde inali yobvuta ndithu.

M'October 1904 zombo za nkhondo za ku Russia zinanyamuka pa nyanja ya Baltic kukamenyana ndi a ku Japan, ndipo zazikuruzo zinazungulira Africa yense. Popeza zinalibe madooko a eni okha panjira, zinadalira zombo za malonda za Ajeremani kuzitengera malasha. Poopa kusowa, anaunjika malasha paliponse, ngakhale m'zipinda zogonamo anthu. Zinayenda miyezi 7, nizifika zolema, ndipo zinagonjetsedwa ku Tsushima m'May 1905.

Mafuta aposa malasha. Apatsa moto wocuruka, sasiya phulusa, ndipo koposa zonse safuna wowasenza, pakuti ayenda okha m'paipi monga madzi. Winston Churchill, amene anakhala mkuru woyang'anira zombo za nkhondo za Angerezi m'caka ca 1911, analimbika kuti zombo zatsopano zitenthe mafuta. Ena anaopa, pakuti dziko la Britain linali nao malasha ambiri koma linalibe zitsime za mafuta ace. Dontho liri lonse linayenera kucokera kutali. M'caka ca 1914 boma linagula gawo loposa theka la kampani yokumba mafuta ku Persia. Gulu la zombo zotumikira zombo za nkhondo, lochedwa Royal Fleet Auxiliary, linali litakhazikidwa kale m'caka ca 1905, ndipo amalinyero ace sali asilikali ai.

Koma kodi combo cingamwe bwanji cirikuyenda? M'April 1917 America analowa m'nkhondo yaikuru yoyamba, nafuna kutumiza zombo zace zazing'ono zaliwiro ku Ireland. Zina mwa izo zinali ndi matanki ocepa, osakwanira bwino ulendo wooloka Atlantic. Tsono anaimika combo ca mafuta, dzina lace Maumee, pakati pa njira, kumwera kwa Greenland. Pa 28 May 1917 cinamwetsa zombo 6 pomwepo pa mafunde. Woyang'anira makina a Maumee anali Chester Nimitz, yemweyo amene pa nkhondo yaciwiri analamulira zombo zonse za America pa nyanja ya Pacific. Sanaiwale cimene anaphunzira ali mnyamata.

Macitidwe ace ndi awa. Zombo ziwiri ziyenda mbali ndi mbali, liwiro limodzi, kutalikirana kwace ngati mayadi 40 kapena 50. Mmalinyero aombera kacingwe kakang'ono ndi mfuti kuti kagwe m'combo cinzace. Kacingweko kakoka cingwe cacikuru, ndi pa cingwe cacikuruco apacika paipi ya mphira, yonenepa ngati nchafu ya munthu wamkuru. Pamenepo makina ayamba kupopa. Inu amene munapalasa bwato mudziwa kubvuta kwace kwa kuyendetsa mabwato awiri pafupi osagundana. Nanga zombo zolemera ngati phiri? Madzi othamanga pakati pace afuna kuzikokera pamodzi, ndipo wogwira tsigiro akasinza kamphindi, zombo zigundana, kapena cingwe ciduka nicipweteka anthu. Njira imeneyi siinaleke. M'caka ca 1982 zombo za Angerezi zinakamenya nkhondo ku zisumbu za Falkland, mtunda wa mamailosi ngati 8,000 kucokera kwao, ndipo zinakhoza kutero cifukwa zombo za mafuta zinamuka nazo.

Adani adziwa bwino kuti woononga combo ca mafuta apundula zombo zambiri, ndipo amalinyero ace agona pamwamba pa cinthu cimene kamoto kamodzi kangaciyatse. Tamvani mbiri ya Neosho. A ku America anazolowera kucha zombo zao za mafuta maina a mitsinje, ndipo Neosho ndi Maumee yomwe ndiyo mitsinje ya kwao. Neosho cinalowa m'madzi m'caka ca 1939. Pa 7 December 1941, pamene ndege za Japan zinagwera dooko la Pearl Harbor, cinali comangika pafupi ndi zombo zazikuru za nkhondo. Mabomba alikugwa ponseponse, mkuru wace John Phillips anacibweza cam'mbuyo, naciturutsa pakati pa zinzace, kuti cingayake ndi kutentha zonse. Cinapulumuka tsiku lija.

Miyezi 5 itapita, cinali pa nyanja ya Coral, kufupi ndi Australia. Cinamwetsa Yorktown, combo cacikuru conyamula ndege, ndipo popeza nkhondo inayandikira, akuru anacituma kumwera kumene anayesa kuli mtendere, pamodzi ndi kacombo kocilonda, dzina lace Sims. M'mawa wa 7 May 1942 azondi a Japan, ali m'mwamba m'ndege, anaona combo cacitalico, naciyesa conyamula ndege. Akuru ao anakondwa, natumiza ndege 78. Zitafika, zinafunafuna combo conyamula ndege osacipeza, ndipo zina zinatsanulira mabomba pa ziwiri zimene zinalipo. Sims kanamira msanga ndi anthu ace ambiri. Neosho cinalasidwa ndi mabomba 7, ndi ndege imodzi yoyaka inagwera pamwamba pace.

Taonani cimene kulakwa kwa azondi aja kunacita. M'mawa wonse ndege zija zinataya nthawi pa combo ca mafuta, ndipo zombo zonyamula ndege za America sizinaponyedwe bomba. Ndege zao zinamuka nizimiza Shoho, combo conyamula ndege ca Japan, tsiku lomwelo.

Neosho sicinamire. Cinapendekeka, makina ace atafa, nicitengeka ndi mphepo masiku 4. Otsalawo anazima moto, nasamala anzao akupsa pa dzuwa lotentha. Thandizo linacedwa cifukwa pouza anzao malo amene anali, analakwa powerengera, kotero kuti ofunafuna anayang'ana kwina. Amuna 68 amene anacoka pacombo pa zoyandama zomangidwa pamodzi anatengekera kutali, ndipo atapezeka, amoyo anali 4 okha. Pa 11 May combo cochedwa Henley cinafika, nicitenga anthu 123, a Neosho ndi opulumuka a Sims. Pakuona kuti sikutheka kucikokera kudooko, anacimiza okha, kuti cingagwe m'manja mwa adani. Caka comweco dzina la Neosho linapatsidwa kwa combo cina ca mafuta.